Mwamuna wa Kusikelo

Ululu woyamba unamupeza Mzime m'mawa, akutsegula makatani a saluni. Unayambira kumsana, n'kuzungulira m'chiuno, n'kudzamanga mimba yonse ngati lamba. Anagwira mpando wa makasitomala n'kudikira. Utapita, anapukuta thukuta pamphuno n'kuyamba kusesa tsitsi la dzulo ngati palibe chachitika.

Saluniyo inali ya azakhali ake, kachipinda kopapatiza pakati pa shopu yokonza mafoni ndi ina ya nsapato. Munali kalilole wamkulu wong'aluka pakona, mipando iwiri, ndi chowumitsira tsitsi chomwe chinkalira ngati chigayo. Mzime ankaluka tsitsi mmenemo chimalizireni sukulu. Kwawo anali womaliza kubadwa, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka lero ali pabanja, mimba ili kutsogolo.

Ankadziwa bwinobwino kuti matenda ayamba. Koma ankadziwanso kuti akangotsegula pakamwa, amutengera kuchipatala.

Akadali mtsikana wa sukulu, anaperekeza achemwali ake kukachira mwana woyamba. Anamukhazika pabenchi panja pa chitseko chobiriwira, atamunyamulitsa chikwama cha matewera. Anamva achemwali akukuwa kuseri kwa chitsekocho kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka kunangoti zii. Achemwali anatuluka amoyo, koma chikwama chija chinabwerera kunyumba chosatsegula. Chichokereni tsiku limenelo, fungo la mankhwala okolopera m'chipatala linkamuziziritsa manja.

Atatenga pakati, kusikelo ankapita ndithu, atalumitsa mano. Akangomuyeza, ankathawa. Maphunziro omwe azamba ankapereka kwa amayi a mimba yoyamba anangolowako tsiku limodzi. Azambawo atatulutsa chidole ndi mafupa a pulasitiki a m'chiuno, Mzime anatuluka chothamanga n'kukasanza kuseri kwa mpanda. Sanabwererekonso.

Amene anabwererako anali mwamuna wake. Iye anali wowotcherera zitsulo, ndipo aliyense ankamutchula kuti Magalasi chifukwa magalasi akuda a ntchito yake ankakhala pachipumi tsiku lonse, nthawi zina mpaka patebulo. Anakapempha azamba kuti azimvera m'malo mwa mkazi wake, ndipo anamulola. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, mwamuna yekha pakati pa amayi oyembekezera.

"Bambo, yanuyo ndi ya miyezi ingati?" anamufunsa mayi wina tsiku loyamba.

Magalasi anadzisisita pamimba. "Iyi ndi yakale, mayi. Yakana kutuluka."

Akafika kunyumba ankafuna kuonetsa zomwe waphunzira. Ankagona pansi m'chipinda chochezera, dzanja pamimba, kukoka mpweya m'mphuno n'kumautulutsa pakamwa pang'onopang'ono. Mzime ankangomulumpha popita kukhitchini.

"Ndakhala ndikupuma chibadwire," ankatero. "Lero mundiphunzitse inu?"

Tsono tsiku limeneli, chakumasana, pampando panakhala kasitomala wa masiku onse, mayi wogulitsa zovala yemwe pakamwa pake sipankatsekeka. Mzime anali ataluka mbali imodzi ya mutu. Ululu ukabwera ankaima, tsitsi lili m'zala, n'kumayang'ana kukhoma ngati akufuna chipeso. Unkabwera pafupipafupi tsopano.

"Ndi yoyamba eti?" anafunsa mayiyo, akumuyang'ana pakalilole. "Mayo ine, ulimbe mtima. Ine woyamba anandionetsa zakuda. Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Ndiye mnansi wanga wina, iyeyo ndiye anangopita osabwer..."

"Mayi," anadula azakhali ali kumpando winawo, "nkhani zimenezo kazikambani kumsika."

"Ine ndikungomuchenjeza."

Zala za Mzime zinasiya kumvera. Chingwe cha tsitsi chinamupulumuka n'kumasuka. Anawerama kuti achigwirenso, ndipo pomwepo anamva china chikuphulika mkati, madzi ofunda n'kutsika m'miyendo mpaka m'masilipasi.

Azakhali anazimitsa chowumitsira.

"Nsupa yasweka," anatero azakhali. "Mzime, wayamba liti kumva kupweteka?"

"Si kanthu, azakhali. Ndimalize kaye mutu wa amayiwa."

"Ndati wayamba liti?"

"M'mawa."

"M'mawa! Iwe mwana, ukufuna kuchirira pansi pa tsitsi la anthu?"

Azakhali anali atayamba kale kuimba foni. Magalasi anafika pa takisi posakhalitsa, ali mu ovolosi yonunkha chitsulo chopsa. Sanafunse zambiri. Anamugwira mkazi wake m'khwapa, azakhali mbali ina, n'kumulowetsa kumpando wa kumbuyo. M'njira monse Mzime ankangoyang'ana kumbuyo kwa mutu wa dalaivala, manja ali ozizira ngati achoka m'madzi.

Pageti la chipatala panali lole yotsitsa katundu, itatseka njira. Mlonda anauza dalaivala kuti odwala atsikire pomwepo, alowere pa kageti ka oyenda pansi. Mzime anatsika. Anayenda mpaka pa kagetiko. Mphepo inachokera m'nyumba zoyera za chipatala n'kumumenya ndi fungo lija.

Anagwira zitsulo za geti ndi manja onse awiri.

"Tiye," anatero Magalasi. "Patsala pang'ono."

"Sindilowa."

"Mzime."

"Sindilowa, ndati! Ndibwezereni kunyumba."

Mpweya unayamba kuthera pakhosi. Ankaukoka mofulumira, mobwerezabwereza, koma sunkafika m'chifuwa. Milomo inachita dzanzi, zala nazo. Mtima unkagunda m'makutu. Anthu olowa ndi otuluka anayamba kuima n'kumayang'ana.

"Amayi, mwatseka njira," anatero mlonda.

"Munyamuleni basi!" anakuwa azakhali. "Nanga ndinu mwamuna wa chiyani? Munyamuleni!"

Magalasi anagwira zala za mkazi wake n'kuyamba kuzikanula pachitsulo. Mzime anakuwa mawu omwe mwamuna wake anali asanawamvepo.

"Ndisiye iwe! Ukufuna ndikafe? Ndikufa ine, sindikupuma, ndikufa!"

Sanamutchulepo kuti iwe chikwatiranireni. Magalasi anasiya zalazo. Anayang'ana nkhope ya mkazi wake, maso atatuzuka osaona kanthu, ndipo anakumbukira zomwe azamba ananena tsiku lina m'kalasi muja: mayi akagwidwa ndi mantha musamukoke, musamuuze kuti asaope, mungomupatsa kantchito kakang'ono koti achite.

"Chabwino," anatero. "Sitilowa. Tiima pompano."

"Mwapenga?" anatero azakhali.

"Azakhali, pitani mukawauze azamba kuti tafika, nsupa yasweka. Chonde."

Azakhali anamuyang'ana ngati amumeze, koma anapita. Magalasi anazungulira n'kukaima mkati mwa geti, maso ndi maso ndi mkazi wake, zitsulo zili pakati pawo. Anaima moti thupi lake litseke nyumba zonse za chipatala.

"Gwira getilo," anatero. "Gwiritsitsa. Kuposa pamenepo. Finya ngati ukufuna kulithyola."

Mzime anafinya mpaka mfundo za zala kuyera.

"Finyabe. Finyabe. Tsopano leka pang'ono. Usachotse manja, ungoleka kufinya."

Zala zinamasuka pang'ono zokha, chifukwa zinali zitatopa.

"Finyanso. Eya. Leka."

Ululu unabweranso pomwepo, waukulu kuposa onse a m'mawa. Mzime anapinda mawondo, chipumi n'kugunda chitsulo.

"Usavutike n'kukoka mpweya," anatero Magalasi, atawerama mpaka nkhope zawo kuyandikana. "Ubwera wokha. Iwe ungotulutsa. Uzira ngati tiyi watentha. Undiuzire ine kumaso kuno."

"Sindingathe."

"Uzira basi. Fuuu. Motalika. Ndiuzira nawe."

Koyamba kanatuluka kamphepo kodukaduka. Kachiwiri chimodzimodzi. Magalasi ankauzira naye, masaya atatupa, osasamala za anthu omwe anaima pamsewu. Mlonda anatsegula pakamwa kuti alankhule, kenaka anangolozera anthu kuti adutse mbali ya lole. Pang'ono ndi pang'ono mpweya wa Mzime unayamba kutalika. Ukatha wonse, wina unkalowa wokha m'mphuno, n'kutsika mpaka pansi.

"Mapewa ali m'makutu," anatero Magalasi. "Atsitse. Nsagwada nazo, masula. Mano asakhudzane."

Ululu unapita. Mzime anali atanyowa thukuta mpaka kumsana.

"Ukuona chiyani pa ovolosi yangayi?"

"Mukundifunsa zachibwana."

"Tangondiuza."

"Bowo. Lopsa ndi moto."

"China?"

"Batani. La ulusi wofiira."

"Anasoka ndani?"

"Ine."

"N'chifukwa chake lapendama."

Mzime sanaseke, koma mphuno inatulutsa kamphepo. Magalasi anatambasula manja ake pafupi ndi zitsulo.

"Tsopano gwira ine m'malo mwa geti. Geti ndi la eni ake."

Dzanja limodzi linachoka pachitsulo n'kugwira mkono wake. Linalo linatsatira. Magalasi anayamba kuyenda chafutambuyo, pang'onopang'ono, akumuuza kuti ayang'ane batani lokhalo. Anadutsa pageti. Ululu utabweranso pakati pa bwalo, anaima, Mzime n'kukoleka manja m'khosi mwa mwamuna wake, n'kumauzira paphewa pake uku akugwedeza chiuno uku ndi uku. Utapita anayendanso. Pamasitepe anakumana ndi azakhali akubwera ndi njinga ya odwala, ndipo pambuyo pawo panali azamba aja, mayi wamfupi wa imvi m'mbali mwa kapu.

"Wophunzira wanga!" anatero azamba. "Lero ndiye mwabwera naye mwini mimba?"

Anamugoneka pabedi m'chipinda chodikirira, chachitali, cha mabedi otchingidwa ndi makatani. Kumapeto kwake kunali chitseko cholowera kochirira. Mzime anachiona kamodzi n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Azamba anamuyeza njira, anamvetsera mtima wa mwana, kenaka anamumanga lamba pamkono n'kupopa. Nkhope yawo inasintha. Anapopanso.

"Bwanji, amayi?" anafunsa Magalasi.

"Magazi akuthamanga kwambiri. Mtima wa mwana nawo wafulumira pang'ono." Analankhula molunjika, akuyang'ana Mzime. "Mwina ndi mantha ndi kutopa, mwina ndi china. Sindikubisira. Ndibweranso posachedwa kudzayeza. Zikapanda kutsika ndiitana adokotala, ndipo ali pafupi. Pakadali pano gonera kumanzere, umwe madzi pang'ono. Bambo, zija munaphunzira, nthawi yake ndi ino."

Atachoka, Mzime anagwira malaya a mwamuna wake.

"Mwamva? Mwana wanga. Zikuchitikanso zomwe zija."

"Anena kuti abweranso."

"Kwa achemwali anateronso."

Magalasi anatenga kansalu, anakanyowetsa pampopi n'kumuika pakhosi. Kenaka anakhala kumbuyo kwake, anaika chikhatho pansi pa msana pomwe ululu unkayambira, n'kumakanikiza mozungulira. Manja ake anali okhakhala ndi zipsera za ntchito, koma anali ofunda.

"Pamenepo?"

"Pansi pang'ono. Eya. Mwamphamvu."

"Tiyambire kumapazi. Pinda zala za kumapazi. Leka. Tsopano akatumba. Leka."

Anakwera choncho thupi lonse, chiwalo ndi chiwalo, mpaka pachipumi. Ululu ukabwera ankasiya n'kuyamba kuuzira limodzi. Pena Mzime ankasokoneza, mpweya n'kuyambanso kuthamanga, ndipo ankayambiranso poyamba. Pena ankamutukwana. Magalasi ankangovomera. Pakati pa zonsezo maso ake ankapita kukatani, kudikira mapazi a azamba.

Anabwera. Anamanga lamba, anapopa, anayang'ana. Anaika chomvetsera pamimba nthawi yaitali, maso ali kudenga. Palibe yemwe anapuma.

"Zatsika," anatero. "Sizinafike pomwe ndikufuna, koma zatsika. Mwana ali bwino. Ndiziyezabe." Anatembenukira kwa Magalasi. "Tsopano bambo, mutuluke. Amayi enawa afika poti sangavale bwino, mwamuna sangakhale muno."

"Ayi!" Mzime anadzuka ndi chigongono. "Asapite. Amayi, chonde."

"Ndili pakhomo pomwepa," anatero Magalasi. "Wachita wekha zonsezi. Ine ndimangolongolola."

Anachotsa zala zake pamalaya chimodzichimodzi, ndipo ulendo uno Mzime anamulola, ngakhale misozi inali ikutsika. Katani inagwedezeka, iye n'kupita. Nthawi yomweyo chifuwa chinayamba kuthina. Dzanzi linabwerera m'milomo.

"Ndinu akazi a Magalasi?"

Mawuwo anachokera pabedi loyandikana. Dzanja linakoka katani, ndipo panaoneka mayi wamtali, wowonda nkhope, atagwada pabedi n'kutsamira pilo. Milomo yake inali youma.

"Ndine," anayankha Mzime.

"Ndinazindikira mawu. Tinkaphunzira nawo. Amuna anu aja amapuma bwino kuposa tonse. Tsiku lina azamba akutiphunzitsa kumasula thupi, iwo anamasuka mpaka kugona tulo. Mkonono m'kalasi monse." Anadukiza, nkhope n'kukwinyika. "Ululu wanga ukubwera. Tiyeni, mundithandize. Ine kuuzira kwandikanika, ndimang'ung'udza."

Anatseka pakamwa n'kutulutsa mawu otsika, aatali, ochokera pansi pa chifuwa. Mzime anamuyang'ana. Mayiyo anatambasula dzanja kudutsa mpata wa pakati pa mabedi, ndipo Mzime analigwira. Anayesa nayenso. Mawuwo ananjenjemeretsa m'mphuno ndi m'chifuwa, ndipo kuti atalike ankafunika kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Ululu wa mnzakeyo utatha unabwera wake, ndipo anang'ung'udzanso onse awiri.

"Inunso ndi yoyamba?" anafunsa Mzime.

"Yoyamba. Ndikuopa kufa, mukudziwa?"

"Inenso."

"Basi tili awiri."

Anakhala choncho nthawi ndithu, kusinthana, dzuwa likusuntha pazenera. Azamba ankabwera, kuyeza, kugwedeza mutu n'kupita. Kenaka mayi wamtali uja anafuula kuti akumva kukankha, ndipo anamwino awiri anabwera n'kumutengera kuseri kwa chitseko chija.

Mzime anatsala yekha. Posakhalitsa kukuwa kunayamba. Kunali kofanana ndendende ndi kuja anakumva ali pabenchi, kokwera n'kuduka, kokwera n'kuduka. Manja anazizira. Anayang'ana kukhomo lotulukira panja, ndipo mwendo umodzi unali utatsika kale pabedi.

Anagwira chitsulo cha bedi. Anafinya mpaka mkono kunjenjemera, n'kuleka. Anafinyanso, n'kuleka. Anabweza mwendo uja. Anatsitsa mapewa, analekanitsa mano, n'kuyamba kung'ung'udza yekha, mawu ake akupikisana ndi a kuseri kwa chitseko.

Kenaka kunangoti zii.

Mzime anasiya kung'ung'udza. Anamva zitsulo zikugundana m'mbale, mapazi ofulumira, mawu a azamba otsika osamveka bwino. Mpweya unali utaima pakhosi. Anaukankha kuti utuluke, pang'onopang'ono, ngati pa tiyi. Unatha. Wina unalowa. Anautulutsanso.

Kulira kwa khanda kunang'amba chipinda chonse, kopyapyala, kwaukali.

Mzime anabisa nkhope m'pilo n'kulira nayenso, mpaka ululu wina unamudula.

Nthawi yake itakwana, analowa pachitseko chija ndi miyendo yake, atatsamira namwino. Kupuma kuja sikunachotse ululu. Anakuwa ndithu, anaitana amayi ake, anauza azamba kuti watopa, amusiye, abwera mawa. Koma pakati pa ululu ndi unzake ankabwerera, maso n'kuona, makutu n'kumva zomwe akumuuza. Azamba akati kankha ankakankha. Akati leka, uzira pang'onopang'ono, mutu ukutuluka, ankadziwa chochita ndi pakamwa pake.

Mwana anabadwa dzuwa litafiira pazenera. Anali wamkazi, woterera, wolemera kuposa momwe Mzime ankaganizira. Anamuika pachifuwa pake n'kuwafunditsa onse awiri. Miyendo ya Mzime inkanjenjemera yokha osaleka.

"Zimatero, zisiya," anatero azamba akusamba m'manja. "Magazi ako ndiziwayang'anabe mpaka mawa, usaganize zothawa. Anthu ako ali panjapo atha nsapato n'kuzungulira. Ndikawauze chiyani?"

Mzime anayang'ana kakhutu kopindika ka mwanayo, kakamwa kakufunafuna pakhungu lake.

"Muwauze kuti ndi wamkazi," anatero. "Ndiponso kuti ndili ndi njala. Chilichonse chomwe angapeze, abweretse chambiri."